Funsani Tikuyankheni: Makhansala Akamakangana, Mawu a Ovota Amapita Kuti?

Mwezi uno makalata ambiri amene tidalandira akukhudza makhonsolo a m'mizinda, ndipo pafupifupi onse alembedwa ndi mtima wowawa. Tasankhapo anayi, ndipo tawafupikitsa pang'ono popanda kusintha mfundo zake.

FUNSO: Akonzi, ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika waukulu wa mzinda wina kuno kwathu, ndipo m'mawa uliwonse ndimadula chiphaso ndisanagulitse n'komwe mulu umodzi. Kuseri kwa benchi langa kuli zinyalala zimene zatha milungu itatu osachotsedwa, moti mvula ikagwa madzi akuda amayenderera mpaka pansi pa madengu athu, ogula n'kumadutsa atagwira mphuno. Tidatuma atsogoleri a msika kukadandaula, koma adabwerako ndi uthenga wakuti msonkhano wa khonsolo udalephereka chifukwa makhansala a zipani ziwiri adakanganirana mpando wa mfumu ya mzinda, ena mpaka kutuluka. Kodi makhansalawa phindu lawo n'chiyani? Paja tidakhalapo zaka zambiri popanda makhansala, kodi sikunali bwino?
Mayi wa pamsika

YANKHO: Amayi, ndalama ya chiphaso imene mumapereka m'mawa uliwonse ndi pangano pakati pa inu ndi khonsolo, ndipo zinyalala zikafika pothamangitsa ogula ndiye kuti mbali imodzi ya panganolo yaswedwa. Kukwiya kwanu kuli ndi maziko. Koma pa funso lanu lomalizalo sindikugwirizana nanu, ndipo mundilole ndifotokoze chifukwa chake.

Zaka zimene mukukumbukirazo ndi za pakati pa 2005 ndi 2014. Amalawi atasankha ulamuliro wa zipani zambiri pa riferendamu ya 1993, dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, ndipo chisankho choyamba cha makhansala pansi pa lamuloli chidachitika mu Novembala 2000. Amene adapita kukaponya voti anali ochepa kwambiri, pafupifupi anthu 14 mwa anthu 100 alionse olembetsa. Nthawi ya makhansalawo itatha mu 2005, chisankho china chidangokhala chikusunthidwa mu ulamuliro wonse wa Bingu wa Mutharika, kufikira pa 20 Meyi 2014 pamene tidasankha pulezidenti, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi. M'zaka 9 zonsezo chiphaso chinkadulidwa, msonkho wa nyumba ndi malo unkatoleredwa, mapuloti ankagawidwa ndipo makontilakiti ankaperekedwa, koma popanga ziganizo zimenezo panalibe munthu amene inu mudamusankha pa ntchito yoyang'anira mzinda, amene mukadatha kumufunsa pa maliro kapena kumugwetsa pa chisankho. Bata linalipodi, koma linali bata la m'nyumba imene eni ake atsekeredwa kunja.

Kukangana pakokha si matenda a khonsolo. Mzinda ndi malo a anthu osiyana zofuna. Mwini nyumba ya kumayadi akufuna maenje a mumsewu wa phula akwiriridwe ndi magetsi a mumsewu ayake, pamene wa ku Ndirande, Mtandire, Chibavi kapena Chikanda akufuna ngalande ndi kamlatho koti ana aziwolokerapo popita kusukulu nthawi ya dzinja. Mwini shopu amene amalipira laisensi akufuna mavenda achoke pakhonde pake, pamene venda akufuna kukhala pomwe pamadutsa anthu. Ndalama za khonsolo sizingakwanire zonsezi nthawi imodzi, choncho makhansala akamakwezerana mawu pa nkhani ya choyamba kuchitika, akugwira ntchito yomwe tidawatuma. Ine ndimachita mantha kwambiri ndi khonsolo imene bajeti yake imadutsa popanda wofunsa funso, chifukwa kawirikawiri zimatanthauza kuti zokambirana zenizeni zidachitikira kwina, kumene inu ndi ine sitingalowe.

Mkangano wa mpando wa mfumu ya mzinda ndi wa mtundu wina, ndipo gwero lake lili m'mene lamulo lidakonzera udindowo. Ku Malawi meya, yemwe ndiye mfumu ya mzindayo, sasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda. Amasankhidwa m'chipinda cha khonsolo kuchokera pakati pa makhansala okhaokha, pa voti yachinsinsi, ndipo amakhala pampando zaka ziwiri ndi theka. N'chifukwa chake ku Blantyre, mwachitsanzo, Noel Chalamanda adasankhidwa mu 2014 ndipo pofika mu 2017 mpando udapita kwa Wild Ndipo, makhansala ake ali omwewo. Ovota pa chisankho chimenechi ndi ochepa kwambiri. Pa chisankho cha 2019 mzinda wa Lilongwe unali ndi mawodi 27, Blantyre 23, Mzuzu 15 ndipo Zomba 10. Pa gulu lochepa chonchi, anthu awiri kapena atatu akasintha maganizo usiku umodzi, mpando wapita kwina. Chipani chimakumana pachokha n'kusankha munthu wake, koma popeza voti ndi yachinsinsi, ena amavotera wina, ndipo m'mawa mwake aliyense amayang'ana mnzake ndi diso lokayikira. Onjezanipo kuti khansala salandira malipiro ngati a phungu koma kangachepe kothokozera ndi maalawansi, pamene meya amakhala ndi galimoto ya udindo, ulemu pa zochitika za boma ndi maulendo, ndiye muona chifukwa chimene kampeni ya mpandowu siithera. Anzathu a ku Zambia kuyambira mu 2016 amasankha mameya mwachindunji pa chisankho chachikulu. Njira imeneyi ndi yoyenera kuikambirana kuno kwathu, ngakhale kuti payokha singathetse vuto ngati meyayo alibe mphamvu pa ogwira ntchito ndi pa chuma.

Apa ndiye pagona nkhani yanu ya zinyalala. Amene amatumiza galimoto yotola zinyalala si meya ayi, koma ogwira ntchito olembedwa, otsogozedwa ndi mkulu wa khonsolo, ndipo pamene lamulo lidasinthidwa mu 2010 mphamvu yosankha mkuluyu idaperekedwa kwa nduna ya maboma ang'onoang'ono. Makhansala ntchito yawo ndi kuvomereza bajeti, kupanga malamulo a mzinda ndi kuyang'anira ogwira ntchitowo kudzera m'makomiti monga ya zachuma, ya zomangamanga ndi ya zaumoyo ndi chilengedwe. Kuchotsa zinyalala mumsika ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku imene ili kale m'bajeti, ndipo sifunika msonkhano wa makhansala onse. Choncho yankho limene atsogoleri anu adapatsidwa silikukwana, ndipo musalilandire.

Lembani kalata monga komiti ya msika, yokhala ndi tsiku ndi masiginecha, yopita kwa mkulu wa zaumoyo wa khonsolo, ndipo makope ake apite kwa khansala wa wodi yanu ndi kwa wapampando wa komiti ya zaumoyo. Mufunse tsiku limene galimoto ibwere, ndiponso mufunse ndalama zimene msika wanu umatolera pa mwezi ndi gawo limene limabwerera kumsikako. Muwakumbutsenso kuti kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi akuda oyenderera pansi pa madengu a zakudya si nkhani yodikira kuti andale agwirizane kaye.

FUNSO: Ndine membala wa komiti ya chitukuko m'wodi yathu. Tidapempha kamlatho pamtsinje wolekanitsa dera lathu ndi sukulu ya pulaimale. Khansala adati nkhaniyo adaipititsa kukhonsolo, koma posakhalitsa aphungu adabwera ndi kontilakita wawo n'kuyamba kukumba pamalo ena, kufupi ndi kumene kuli owatsatira ambiri. Tsopano awiriwa sapatsana moni, zipilala zidaima popanda denga lake la pamwamba, ndipo ana akuwolokabe pamiyala. Mwini chitukuko ndani pakati pa awiriwa?
Bambo wa m'komiti

YANKHO: Abambo, zimene mwaonazi zakhala zikuchitika m'madera ambiri kuyambira pamene makhansala adabwereranso mu 2014, ndipo akuluakulu adanena kale kuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Kholalo lidamangidwa ndi malamulo athu omwe.

Malinga ndi malamulo oyendetsera dziko, ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ya dziko, kuyang'anira boma ndi kuimira anthu ake ku Nyumba ya Malamulo, pamene chitukuko cha m'madera ndi udindo wa khonsolo. Koma thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timangoliti CDF, lidakhazikitsidwa mu 2006, nthawi imene kunalibe khansala ndi mmodzi yemwe, ndipo aphungu adazolowera kuliona ngati lawo. Mu 2010 lamulo la maboma ang'onoang'ono lidasinthidwa, aphungu n'kupatsidwa mphamvu yovota m'makhonsolo, ndipo mawodi adachepetsedwa kuchoka pa opitirira 800 a mu 2000 kufika pa 462 amene tidavotera mu 2014 ndi 2019. Makhansala pofika adapeza phungu atakhala kale pampando wachitukuko, ndipo phunguyo ankaona khansala aliyense wakhama ngati munthu amene akukonzekera kudzamulanda dera. Thumbalo lidapitiriza kukula, kufika pa K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024, ndipo mkangano udakula nalo limodzi.

Bungwe la makhonsolo la MALGA lidatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu Meyi 2025 bwalo lalikulu lozenga milandu yokhudza malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka CDF ndiponso kuvota kwawo m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulowo. Mfundo yake ndi yosavuta kuimva: munthu sangagwiritse ntchito ndalama kenako n'kudzifufuza yekha mmene waziyendetsera. Aphungu sadakhutire, ndipo kumapeto kwa 2025 adavomereza bilu yofuna kulowetsa CDF m'malamulo oyendetsera dziko, koma Pulezidenti Peter Mutharika adakana kuisainira. Boma lake lidalengezanso zokweza thumbali kufika pa K5 biliyoni pa dera lililonse, ndipo ndalama zochuluka chonchi zikutanthauza kuti funso lanu lakhala lofunika kuposa kale.

Kunena mwachindunji, kamlathoko si ka phungu kapena ka khansala. Ndalama zake ndi za misonkho, zimadutsa m'mabuku a khonsolo, ndipo kontilakita aliyense amayenera kupezeka kudzera mu ndondomeko ya khonsolo yogulira zinthu ndi kupereka ntchito. Ndisabisenso kuti kuchotsa ndalama m'manja mwa phungu n'kuziika m'manja mwa khonsolo sikutsimikizira kuti zigwira ntchito yake, pakuti malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma akhala akuonetsa kusokonekera kwa ndalama m'makhonsolo momwemo. Mphamvu yanu monga komiti ili m'zolembedwa. Tengani zolemba za msonkhano umene mudagwirizana malo a kamlathoko, mupite nazo kwa mkulu wa zomangamanga wa khonsolo, ndipo mupemphe kuona mgwirizano wa kontilakitayo, mtengo wake ndi ndalama zimene walandira kale. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, likukupatsani ufulu wopempha zimenezi polemba kalata.

FUNSO: Khansala wathu tidamusankha ali woima payekha chifukwa tidatopa ndi zipani, koma patangotha miyezi yochepa tidamuona atavala nsalu ya chipani cholamula. Kodi tingathe kumuchotsa?
Mnyamata wovota koyamba

YANKHO: Achimwene, yankho lake silikusangalatsani. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, limene limakamba za kuchoka m'chipani china kupita china, limakhudza aphungu a Nyumba ya Malamulo, osati makhansala. Gawo 64, limene linkapatsa ovota mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, lidachotsedwa ndi aphungu omwewo mu 1995, ndipo ngakhale anthu akhala akupempha kuti libwerere, silidabwerere. Khansala wanu mudzakumana naye pa chisankho cha 2030.

Makhansala ambiri amene amachita zimenezi amati akutsata chitukuko, ndipo mawuwa ali ndi pogwira, chifukwa makhonsolo amadalira kwambiri ndalama zochokera ku boma lalikulu, ndipo gawo la 5 pa 100 la ndalama za dziko limene ndondomeko ya 1998 idalonjeza makhonsolo lakhala dandaulo la chaka ndi chaka. Komabe munthu amene adapempha voti ponena kuti alibe chipani anayenera kubwerera kwa omusankha kukafotokoza asanavale nsaluyo. Muitanitseni kumsonkhano wa wodi, mumufunse pamaso pa anthu chitukuko chimene adalonjezedwa ndi tsiku lake, ndipo yankho lake mulilembe.

FUNSO: Ife timakhala m'mbali mwa phiri. Malo tidagula kwa mfumu ya m'dera lathu ndipo kalata yake tili nayo. Khonsolo idagwirizana zoti onse a kumtunda asamuke, ndipo khansala wathu, amene tidamuvotera ndi mtima wonse, adavomereza nawo ganizoli ngakhale tidamuuza pamsonkhano kuti akakane. Kodi munthu amene sakunena zimene tamutuma akutiimira?
Gogo wa kuphiri

YANKHO: Agogo, funso lanu ndi lolemera kuposa onse amene ndalandira mwezi uno, ndipo ndikuliyankha ndi ulemu, podziwa kuti nyumba imene munthu adamanga ndi thukuta lake, njerwa imodzi imodzi, si chinthu choti wina angomuuza kuti achisiye.

Khansala ali ndi maudindo awiri amene nthawi zina amakokana. Ndi mthenga wa wodi yake, woyenera kukatula kukhonsolo zimene anthu ake anena, monga adanenera, ngakhale iye asakugwirizana nazo. Komanso akalowa m'chipindamo amakhala mmodzi wa oyang'anira mzinda wonse, ndipo amamva zimene kumsonkhano wa wodi sizidanenedwe, monga malipoti a akatswiri a nthaka ndi madandaulo a anthu a kumunsi amene madzi ndi miyala yochokera kumtunda imawagwera. Tikadafuna munthu wongobwereza mawu athu, sipakadafunika chisankho, kalata ikadakwanira. Timasankha munthu kuti akamve mbali zonse ndi kugamula m'malo mwathu, kenako abwere adzatiuze chifukwa chake.

Pa nkhani ya kuphiri sindingathe kulemba ngati kuti Malichi 2023 sadachitike. Namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo m'chigawo cha kumwera anthu mazanamazana adafa, ena osapezeka mpaka lero. Khansala amene adaona zimenezo n'kukavotera kuti anthu akhalebe pamalo otsetsereka pofuna kuteteza mavoti ake, ameneyo ndiye ndikadada naye nkhawa. Mudziwenso kuti kalata ya mfumu imene muli nayo ingakhale yopanda mphamvu pamaso pa lamulo, chifukwa lamulo la mafumu la 1967 sililola mfumu kugwiritsa ntchito ulamuliro wake mkati mwa mzinda popanda chilolezo cholembedwa cha khonsolo. Anthu ambiri osalakwa adagula malo mwa njira imeneyi chifukwa mapuloti ovomerezeka ndi ochepa ndiponso odula, ndipo mlandu wa zimenezi sungakhale wa ogula okha.

Choncho sindinena kuti khansala wanu adakugulitsani chifukwa chongovomereza ganizolo. Muyezeni pa zinthu zina. Kodi adaimirira m'khonsolo n'kunena kuti anthu a m'wodi yake akukana, ndi zifukwa zawo? Kodi adaumirira kuti pasakhale wogwetseredwa nyumba asanapatsidwe malo ena, ndiponso kuti malowo akhale kofikirika ndi msika, sukulu ndi chipatala, poti ambiri a inu mumadya za tsiku lomwelo m'tauni? Kodi adabwerera kwa inu kudzafotokoza, kapena mudamva kwa ena? Ngati adangokweza dzanja n'kuzimitsa foni, ndiye kuti walephera ntchito, ngakhale ganizo limene adavoteralo litakhala lolondola.

Mayankho a mafunso amenewa mukhoza kuwapeza nokha. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, kupatula pamene khonsolo yagwirizana kukambirana nkhani ina mwachinsinsi, ndipo zonse zimene zanenedwa zimalembedwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho musadikire kuti wina adzakuitaneni. Tumani anthu awiri kapena atatu, mmodzi wodziwa kuwerenga Chingerezi chifukwa zolembazo zimakhala m'chinenerocho, apite kuofesi ya khonsolo akapemphe zolemba za msonkhano umene udagamula za kusamukako, ndipo akafunsenso tsiku la msonkhano wotsatira. Pa tsikulo mupite m'mawa, mukhale pamipando ya alendo pamene khansala wanu angakuoneni, ndipo mutenge kalata zanu zogulira malo pamodzi ndi mndandanda wa mabanja onse okhudzidwa, wosonyeza chiwerengero cha ana a sukulu ndi okalamba a pakhomo lililonse.